Risiti ya ku Limbe

Yakale ija inafa Lachiwiri masana,
denga la a Nansongole lili m'malere.
Ndinati ndilitembenuze ndione mbali ya kumpoto,
kamuvi kanauma gwa pa sikirini,
fani inalira ngati minibasi pa chitunda cha ku Ndirande,
kenako zii.
Makoma khumi ndi awiri, masitepe, ngalande ya madzi a mvula,
zonse zinapita osatsanzika.

Lero ndili ku Limbe,
thukuta la miyezi isanu ndi inayi lili mu envelopu.
Jafali wayala katundu pa kauntala.
Akuti, tengani iyi achemwali, imawala usiku,
kufiira, kubiriwira, anyamata amaifera.
Ndikuti, sindikutsegula bala.
Ndikufuna yoti ndikakoka mzere, mzerewo ubwere
ndisanaiwale chimene ndimaukokera.

Akundiwerengera mitima ya purosesa,
khumi ndi isanu ndi umodzi, akutero monyadira.
Ine ndinaonapo pa saiti amuna makumi awiri
atatsamira mafosholo,
kudikira mmisiri mmodzi amalize kona.
Ntchito yanga yambiri ndi kona imeneyo.
Ndipatseni ya mitima yochepa,
koma uliwonse ukhale waliwiro.

Pa memori pokha sindinenerera.
Bambo anga ankajambula ku Ginnery Corner
pa thebulo lotakata ngati chitseko cha galaja,
pensulo kukhutu, pepala lonse lotambasuka,
osapinda ngodya ina kuti aone inzake.
Thebulo lomwelo ndikuligula lero,
lasanduka timapale tiwiri tokwana m'chikhatho.
Ndipo mipata iwiri ikhale yopanda kanthu,
monga tisiyira zitsulo zitasuzumira pamwamba pa silabu.
Chaka chikakoma tidzakweza.

Khadi la zithunzi,
mtengo wake ungafolere nyumba ya zipinda zitatu.
Ndaligwira, ndalibweza.
Ndaligwiranso.
Jafali wawerama, watulutsa lina pansi pa shelefu,
lochokera mu ofesi ina imene inatseka.
Ndalinunkhiza ngati linapsapo.
Ndati tiliyese pompano,
ndamupatsa fulashi muli tchalitchi cha ku Chirimba
chimene mpaka lero sanandilipire.
Chazungulira chonse, nsanja ndi mabenchi omwe,
osatsimphina.
Tonse awiri takhala chete kanthawi
ngati tilidi m'katimo.

Zatsalazi zingogula chinthu chimodzi.
Sikirini yaikulu ili apo, maso anga akuilirira.
Pambali pake kabokosi kakuda, konyansa,
kolemera ngati njerwa zinayi,
kosunga moto magetsi akathima.
Mphindi khumi zokha, akutero Jafali.
Zikwana.
Kusunga fayilo, kutukwana pang'ono, kuzimitsa bwinobwino.
Maso adikire, anadikirapo zambiri.

Walemba risiti ndi bolopeni yotha inki,
wabwereza manambala kawiri,
waonjeza fani ina ya basela.
Akuti fumbi la mwezi wa Okutobala silisankha
kompyuta ya injiniya kapena ya mwana wa sukulu.

Kondakitala akuti katoni ilipire mpando.
Ndalipira.
Yakhala pawindo, ine pakati,
dzanja langa pamwamba pake pa bampu iliyonse.
Kumanzere phiri la Soche likuonetsa chipsera chake,
njira imene miyala inatsikira usiku uja.
M'minibasi palibe akuyang'anako.
Ine ndimayang'ana nthawi zonse,
ndi matenda a ntchito.

A Nansongole sadzafunsa za memori.
Puloti yawo ili pamtsetse ku Chilomoni,
anaigula ndi penshoni ya uphunzitsi.
Adzaloza khoma lotchinga dothi kuseri kwa khitchini,
adzati, mwanawe, ili likhala mvula ikakwiya?

Usiku uno ndilumikiza mawaya,
ndipukuta thebulo, ndiyambiranso.
Denga lidikire.
Ndiyamba ndi ngalande.